Salvador Luria: wothawa nkhondo amene adaulula chitetezo cha mabakiteriya

M'mwezi wa Juni chaka cha 1940, asilikali a Germany ali pafupi kulowa mumzinda wa Paris, dokotala wina wachinyamata wa ku Italy adakwera njinga yakapalasa n'kulunjika kummwera kwa dziko la France. Adali ndi zaka 27. Kwawo sakadabwerera chifukwa boma la Benito Mussolini lidali litakhazikitsa malamulo osala Ayuda, ndipo iye adali Myuda. Kukhalabe mu Paris kukadakhala kudzipereka m'manja mwa adani. Chiyembekezo chake chidali ku Marseille, mzinda wa padoko umene uli pa mtunda woposa makilomita 700, komwe ankafuna kukapempha chitupa cholowera m'dziko la America.

Dokotalayo adali Salvador Luria, ndipo patatha zaka 29 adalandira mphoto ya Nobel. Ntchito imene adasiyira dziko idachokera pa funso limene ambiri pa nthawiyo ankaliona lopanda phindu: kodi bakiteriya, kanthu kamoyo kosaoneka ndi maso, amapulumuka bwanji vairasi ikamugwira? Luria adapeza njira ziwiri zimene mabakiteriya amapulumukira, ngakhale kuti mapuloteni ogwira ntchitoyo sadawaone ndi maso ake pamene ankawatulukira. Ena odza pambuyo pake ndiwo adawapatula, kuwajambula ndi kuwasandutsa zida zimene lero zikupangira mankhwala ndi kuchiza matenda akumtundu.

Nkhondo yosaoneka ndi maso

Ambirife timadziwa mabakiteriya ngati tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi chifuwa chachikulu cha TB. Chimene sichidziwika kwambiri n'chakuti nawonso amadwala. Pali mavairasi otchedwa phage amene sagwira munthu, nyama kapena mbewu, koma mabakiteriya okha. Adatulukiridwa ndi Frederick Twort wa ku England mu 1915 komanso Félix d'Hérelle ku Paris mu 1917. Amapezeka m'madzi, m'nthaka ndi m'matumbo mwathu, ndipo akatswiri amayerekeza kuti ndi ochuluka kuposa zamoyo zina zonse padziko lapansi.

Vairasi yotere imamatirira pakhungu la bakiteriya n'kulowetsamo DNA yake, imene ili ndi malangizo a kapangidwe kake. Bakiteriyayo amasiya ntchito zake zonse n'kuyamba kupanga mavairasi atsopano. Kwa mitundu imene Luria ankagwiritsa ntchito, pasanathe theka la ola bakiteriyayo amaphulika ndipo mavairasi 100 kapena kuposerapo amatuluka kukagwira ena. Komabe mabakiteriya sadathe padziko. Chinsinsi cha kupulumuka kwawo ndicho chidatenga moyo wonse wa Luria.

Mwana wa ku Turin

Adabadwa pa 13 Ogasiti 1912 mumzinda wa Turin, kumpoto kwa Italy, ndipo dzina lake lobadwa nalo lidali Salvatore Luria. Bambo ake adali Davide Luria ndipo mayi ake adali Ester Sacerdote, a m'banja lachiyuda lokhazikika m'deralo kuyambira kale. Adakula chipani cha Mussolini chikutenga mphamvu, ndipo kusekondale ya d'Azeglio adaphunzitsidwa ndi Augusto Monti, mphunzitsi wodziwika ndi kudana ndi ulamuliro wankhanzawo.

Ku Yunivesite ya Turin adaphunzira za udokotala pansi pa Giuseppe Levi, katswiri wa kapangidwe ka thupi. M'chipinda chofufuzira cha Levi mudadutsanso Renato Dulbecco ndi Rita Levi-Montalcini. Ophunzira atatuwa onse adadzalandira mphoto ya Nobel: Luria mu 1969, Dulbecco mu 1975 ndipo Levi-Montalcini mu 1986. Luria adamaliza maphunziro ake mu 1935, kenaka adatumikira ngati dokotala wa asilikali monga momwe lamulo linkafunira.

Koma mtima wake sudali pa ntchito yoona odwala. Mnzake wa kusukulu, Ugo Fano, amene adadzakhala katswiri wa fizikisi, ankamufotokozera zimene zinkatulukiridwa m'sayansi imeneyo. Choncho mu 1937 Luria adasamukira ku Rome kukaphunzira za X-ray, ndipo adayamba kuyenda pakati pa akatswiri a fizikisi a gulu la Enrico Fermi. Mmodzi wa iwo, Franco Rasetti, adamupatsa zolemba za Mjeremani wina, Max Delbrück, zimene zinkanena kuti chibadwa cha zamoyo chimasungidwa m'kanthu kogwirika kamene kangathe kuyezedwa ngati chinthu china chilichonse.

Luria adakopeka ndi ganizoli koma adasowa chamoyo choti aliyesere. Tsiku lina sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mu Rome imene adakwera idaima panjira, ndipo podikirira adayamba kucheza ndi Geo Rita, katswiri wa mabakiteriya. Rita adamuitanira kuchipinda chake chofufuzira, ndipo kumeneko Luria adaona mavairasi a phage koyamba. Adazindikira kuti kanthu kakang'ono chotere, kochulukana mwachangu komanso kosavuta kuwerenga, n'kamene kangayankhe mafunso a Delbrück.

Zitseko zitsekeka

Mu 1938 adapeza thandizo la boma lokapitiriza maphunziro ku America, koma chakudza sichiimba ng'oma. M'mwezi wa Julayi chaka chomwecho boma la Mussolini lidalengeza mfundo zake zosankhana mitundu, ndipo malamulo otsatira adachotsa Ayuda m'sukulu ndi m'mayunivesite. Thandizo lija lidalandidwa. Luria adapita ku Paris, komwe adagwira ntchito ndi Fernand Holweck wa ku Radium Institute ndi Eugène Wollman wa ku Pasteur Institute, kuyeza kukula kwa mavairasi powawomba ndi cheza champhamvu.

Zimene zidaonekera anzake awiriwa zikusonyeza chimene Luria adathawa pa njinga ija. Holweck adagwidwa ndi apolisi achinsinsi a Germany ndipo adafera m'manja mwawo mu Disembala 1941. Wollman ndi mkazi wake Elisabeth adatengedwa mu 1943 kupita kundende ya Auschwitz, ndipo sadabwerereko.

Luria adapeza chitupa ku Marseille, adadutsa ku Spain mpaka ku Lisbon, n'kukwera sitima ya panyanja imene idafika ku New York pa 12 Sepitembala 1940. Kumeneko dzina lake lidasintha kukhala Salvador Edward Luria. Fermi, amene naye adali atathawira ku America, adamuthandiza kupeza ndalama za bungwe la Rockefeller Foundation zochitira kafukufuku pa Yunivesite ya Columbia.

Kumapeto kwa Disembala 1940 adakumana ndi Delbrück pa msonkhano wa akatswiri a fizikisi ku Philadelphia. Wina adachokera ku Italy, wina ku Germany, mayiko amene posakhalitsa adalowa m'nkhondo ndi America. Adayamba kugwirira ntchito limodzi ku Cold Spring Harbor ndi ku Yunivesite ya Vanderbilt, ndipo mu 1943 adagwirizana ndi Alfred Hershey. Atatuwa ndiwo adakhala phata la gulu la akatswiri ofufuza za phage limene lidasintha sayansi ya zamoyo.

Mu 1942 Luria ndi Thomas Anderson adafalitsa zithunzi za mavairasiwa zimene adajambula ndi maikulosikopu yamphamvu yogwiritsa ntchito ma electron, ya kampani ya RCA. Zithunzizo zidali m'gulu la zoyambirira zooneka bwino. Zidaonetsa kanthu kokhala ndi mutu ndi mchira, kofanana ndi mbululu. Zidadziwika kuti vairasi ili ndi thupi lopangidwa mwadongosolo, ndipo kuti mitundu yosiyana ili ndi maonekedwe osiyana.

Phunziro la pa makina a juga

Mu Januwale 1943 Luria adayamba kuphunzitsa pa Yunivesite ya Indiana ku Bloomington. Apa n'kuti funso lina likumusowetsa tulo. Munthu akathira mavairasi pa mabakiteriya mamiliyoni ambiri a mtundu wa E. coli, pafupifupi onse amafa, koma ochepa amatsala, ndipo ana awo nawonso sagwidwa ndi vairasiyo. Akatswiri ena ankati kukumana ndi vairasi ndiko kumachititsa ochepawo kulimba. Ena ankati ochepawo amakhala atasintha kale mwangozi vairasi isadafike. Padalibe amene adali ndi njira yosiyanitsira ziwirizi.

Kumayambiriro kwa chaka chomwecho, pa dansi ya aphunzitsi a payunivesitepo, Luria adaima n'kumaonerera mnzake akuponya ndalama zachitsulo m'makina a juga. Makina otere nthawi zambiri sabweza kanthu, nthawi zina amabweza pang'ono, koma mwa apo ndi apo amakhuthula mulu wa ndalama. Pomwepo adaona yankho. Ngati vairasi ndiyo imalimbitsa mabakiteriya, ndiye kuti munthu akaweta mabakiteriya m'timabotolo tambiri tosiyana n'kuwathira vairasi, opulumuka m'kabotolo kalikonse adzakhala ofanana chiwerengero. Koma ngati kusintha kumachitika mwangozi mabakiteriya akamagawikana, timabotolo tambiri tidzakhala ndi opulumuka ochepa kapena sitidzakhala nawo n'komwe, pamene tina tochepa tidzakhala ndi ochuluka zedi, chifukwa m'menemo kusintha kudachitika msanga ndipo wosinthayo adapeza nthawi yobala zidzukulu zambiri.

Adayesa, ndipo zotsatira zidafanana ndi makina a juga aja. Adalembera kalata Delbrück, amene adakonza masamu otsimikizira nkhaniyo, ndipo awiriwa adafalitsa zimene adapeza m'magazini ya Genetics mu Novembala 1943. Udali umboni woti mabakiteriya ali ndi chibadwa chimene chimasintha mwangozi ngati cha zamoyo zina, ndipo mdani akafika amangosankha amene adasintha kale.

Mfundo imeneyi imagwiranso ntchito pa mankhwala, ndipo ikuoneka m'zipatala zathu tsiku ndi tsiku. Wodwala TB amapatsidwa mankhwala a mitundu inayi pamodzi m'miyezi iwiri yoyamba chifukwa pakati pa mabakiteriya ochuluka a m'mapapo mwake pamakhala kale ochepa osamva mankhwala amodzi. N'kovuta kwambiri kuti bakiteriya mmodzi akhale atasintha mokana mankhwala onse anayi nthawi imodzi. Wodwala akamwa mankhwala modukizadukiza, amapereka mpata kwa osamvawo kuti achulukane.

Botolo losweka

Mu 1945 Luria adakwatira Zella Hurwitz, amene adadzakhala pulofesa wa za maganizo a anthu pa Yunivesite ya Tufts, ndipo adabereka mwana mmodzi wamwamuna. Mu 1947 adakhala nzika ya America. Wophunzira wake woyamba wa digiri ya PhD adali James Watson, amene adamaliza mu 1950. Luria ndiye adamukonzera malo ku Cambridge, m'dziko la England, komwe mu 1953 Watson ndi Francis Crick adalongosola maonekedwe a DNA mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray za Rosalind Franklin.

Mu 1950 Luria adasamukira ku Yunivesite ya Illinois ku Urbana, ndipo kumeneko iye ndi wofufuza mnzake Mary Human adakumana ndi chodabwitsa. Mabakiteriya ena a E. coli amene adali atasintha chibadwa ankafa akagwidwa ndi vairasi ya T2, koma ankaoneka ngati sakutulutsa mavairasi atsopano. Njira yowerengera mavairasi ndi yowathira pa mbale yodzaza mabakiteriya. Paliponse pamene pagwera vairasi pamatsala kadontho koyera, poti mabakiteriya apamenepo afa. Pa mbale za E. coli timadonthoto sitinkaoneka.

Tsiku lina botolo la E. coli woyesera lidasweka. Pofuna kuti ntchito isaime, adabwereka kwa mnzawo Giuseppe Bertani mabakiteriya a mtundu wa Shigella, amene amayambitsa kamwazi. Kutacha, mbale zidadzaza timadontho. Mavairasi aja adalipo nthawi yonseyi, koma adali atasinthidwa mwanjira yoti E. coli ankawakana pamene Shigella ankawalola. Chodabwitsa china chidali chakuti akangochulukana kamodzi mwa Shigella ankathanso kugwira E. coli. Kusinthako sikudali kwa chibadwa. Kudali ngati chovala chimene vairasi imavekedwa kapena kuvulidwa ndi bakiteriya amene yakuliramo.

Luria ndi Human adafalitsa zimenezi mu 1952. Chaka chotsatira Bertani ndi Jean Weigle adapeza zofanana pa mavairasi ena. Apa padaoneka njira yachiwiri ya chitetezo: bakiteriya amatha kuzindikira vairasi imene yalowa kale n'kuithetsa.

Mipeni ya m'kati mwa bakiteriya

Kufotokoza kwake kudatenga zaka zambiri ndi anthu ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1962, ku Geneva, Werner Arber ndi Daisy Dussoix adaonetsa kuti bakiteriya amaphwanya DNA ya vairasi yachilendo, koma amaisiya ngati ili ndi chizindikiro cha mtundu wake. Pambuyo pake zidadziwika kuti chizindikirocho ndi kanthu kakang'ono kotchedwa methyl, kamene puloteni ina imamata pa malo osankhika a DNA. Zili ngati mlimi amene amadinda ng'ombe zake kuti azizizindikira pakati pa za ena. Puloteni yachiwiri imayendera DNA iliyonse imene ili m'kati mwa bakiteriya, ndipo ikapeza malo amenewo opanda chidindo imadula.

Nkhani ya T2 ija idapezeka kuti ndi yosiyanako. DNA ya vairasi imeneyi imakutidwa ndi shuga wa glucose amene amaibisa ku mipeni ya bakiteriya. Mabakiteriya osintha aja sankatha kupereka shugayo, choncho mavairasi ankatuluka osavala, E. coli n'kumawadula, pamene Shigella alibe mipeni ya mtundu umenewo. Luria mwini, pamodzi ndi Helen Revel, adathandiza kulongosola zimenezi m'zaka za m'ma 1960.

Mu 1968 Matthew Meselson ndi Robert Yuan adapatula imodzi mwa mapuloteni odulawa, amene amatchedwa restriction enzyme. Mu 1970 Hamilton Smith adapeza ina imene imadula DNA pa malo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo chaka chotsatira Daniel Nathans ndi Kathleen Danna adaigwiritsa ntchito kudula DNA ya vairasi ya SV40 m'zidutswa zodziwika. Arber, Nathans ndi Smith adalandira mphoto ya Nobel mu 1978. Pofika 1973, Herbert Boyer ndi Stanley Cohen adali atadula DNA ndi puloteni ya EcoRI n'kuilumikiza ndi ina. Luso limeneli ndilo lidabala insulin ya munthu yopangidwa ndi mabakiteriya, imene idavomerezedwa mu 1982 kuti odwala matenda a shuga azibayitsa.

Maonekedwe a mapuloteniwo

Kudziwa kuti puloteni imadula DNA sikudziwa momwe imadulira. Puloteni ndi chingwe chachitali chimene chimapindika mwanjira yakeyake, ndipo ntchito yake imadalira mapindikidwe amenewo, monga kiyi amadalira mano ake. Kuti aone mapindikidwewo, akatswiri amaumitsa puloteni kukhala timibulu tonga ta mchere, n'kutiwomba ndi X-ray, kenaka n'kuwerengera malo a atomu iliyonse poona momwe chezacho chamwazikira. John Kendrew ndiye adayamba kuonetsa maonekedwe a puloteni mwanjira imeneyi mu 1958. Masiku ano amagwiritsanso ntchito maikulosikopu ya ma electron pa mapuloteni oziziritsidwa kwambiri.

Mu 1986, Luria akadali moyo, gulu la John Rosenberg pa Yunivesite ya Pittsburgh lidafalitsa chithunzi cha EcoRI itagwira DNA. Chidaonetsa mapuloteni awiri ofanana atalumikizana, atakumbatira DNA ndi timikono tawo n'kuipinda pang'ono kuti afikire zilembo zisanu ndi chimodzi zimene amafuna, GAATTC. Aliyense mwa awiriwa amadula chingwe chimodzi cha DNA pakati pa G ndi A. Chilembo chimodzi chikasiyana, kapena pakakhala chidindo cha methyl, puloteniyo siikhala bwino pa DNA ndipo siidula. Umu ndi momwe bakiteriya amaphera mlendo osadzivulaza yekha.

Mu 1994 Xiaodong Cheng, Richard Roberts ndi anzawo ku Cold Spring Harbor adajambula puloteni yodinda ya HhaI ili pa ntchito. Adapeza kuti imatembenuzira chilembo chimodzi kunja kwa DNA, kuchilowetsa m'kathumba kake, n'kuchimata methyl. Palibe amene adali ataonapo zotere.

Chinsinsi cha timabotolo ta mu 1943 nachonso chidaoneka. Vairasi ya T1 imene Luria adagwiritsa ntchito imagwira puloteni ya pakhungu la E. coli yotchedwa FhuA, imene ntchito yake yeniyeni ndi kulowetsa ayironi amene bakiteriya amafuna. Mu 1998 magulu awiri a akatswiri adaonetsa kuti puloteniyi ili ngati mgolo wa mizere 22 wokhala ndi chotsekera m'kati, ndipo ili ndi tizingwe totulukira kunja. Ambiri mwa mabakiteriya opulumuka T1 amakhala atataya kapena kusintha puloteni imeneyi, motero vairasi imasowa pogwira. Chitetezo chotere chili ndi mtengo wake, chifukwa bakiteriyayo amatseka limodzi mwa makomo olowera chakudya chake.

Munthu wosabisa maganizo

Luria sadaiwale chimene chidamuthamangitsa kwawo. Ankadzitcha wa maganizo a sosholizimu, ankathandiza mabungwe a anthu apantchito ndipo ankatsutsa tsankho. M'zaka zimene boma la America linkasaka anthu owaganizira kuti ndi achikomyunizimu, iye adali mmodzi wa ofufuzidwa. Mu 1952 adamanidwa pasipoti yopitira ku msonkhano wa akatswiri ku Oxford. Pa nthawiyo iye ankaganiza kuti chibadwa cha phage chili m'puloteni, koma pamsonkhano womwewo Watson adafotokoza zimene Hershey ndi Martha Chase adapeza, zoti chimene chimalowa mwa bakiteriya ndi DNA. Apa Luria adali atalakwa, ndipo umboni udamugonjetsa.

Mu 1957 adagwirizana ndi Linus Pauling potsutsa kuyesa mabomba a nyukiliya. M'zaka za m'ma 1960 adali m'gulu la aphunzitsi a m'mayunivesite a ku Boston otsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Adatsutsanso akatswiri amene ankanena kuti kusiyana kwa mitundu ya anthu pa mayeso a nzeru kumachokera m'magazi. Pamene luso lolumikiza DNA lidadzetsa mantha m'zaka za m'ma 1970, iye adaima pakati: kafukufuku apitirire, koma pansi pa malamulo.

Mu Okutobala 1969 kudalengezedwa kuti iye, Delbrück ndi Hershey apata mphoto ya Nobel pa zimene adatulukira zokhudza kuchulukana ndi chibadwa cha mavairasi. Patangopita masiku ochepa, nyuzipepala zidaulula kuti dzina lake lidali pa mndandanda wachinsinsi wa akatswiri oletsedwa kukhala m'makomiti olangiza boma pa kafukufuku wa zaumoyo. Gawo lina la ndalama za mphotoyo adalipereka kwa magulu otsutsa nkhondo.

Zaka zomaliza

Kuyambira 1959 Luria adali pa Massachusetts Institute of Technology, komwe adatembenukira ku mapuloteni otchedwa colicin, amene mabakiteriya ena amapanga pofuna kupha anzawo, ena mwa iwo poboola khungu la mdaniyo. Mu 1972 adapatsidwa udindo wokhazikitsa likulu la kafukufuku wa khansa pasukulupo, ndipo adaliyendetsa mpaka 1985. Akatswiri amene adagwira ntchito pamenepo ndi monga David Baltimore, Susumu Tonegawa ndi Phillip Sharp, onse olandira mphoto ya Nobel, komanso Robert Weinberg ndi Nancy Hopkins.

Adalinso mlembi. Buku lake lophunzitsira za mavairasi lidatuluka mu 1953, ndipo buku lina lofotokozera anthu wamba za sayansi ya zamoyo lidapata mphoto ya National Book Award mu 1974. Ankasonkhanitsa ophunzira a sayansi kunyumba kwake kuti aziwerenga ndi kukambirana mabuku a alembi otchuka, poopa kuti angakhale akatswiri odziwa chinthu chimodzi chokha. Buku la mbiri ya moyo wake lidatuluka mu 1984, ndipo mutu wake umatchula makina a juga ndi botolo losweka lija. Adamwalira ndi matenda a mtima pa 6 Febuluwale 1991 ku Lexington, m'chigawo cha Massachusetts, ali ndi zaka 78.

Zimene sadakhale ndi moyo kuti aone

Njira ziwiri zimene Luria adapeza sizidali zokhazo. Mu 2007 Rodolphe Barrangou, Philippe Horvath ndi anzawo a pakampani ya Danisco, pofufuza mabakiteriya opangira yogati ndi tchizi, adatsimikiza kuti mabakiteriya ena amasunga kachidutswa ka DNA ya vairasi imene yawaukira, n'kukagwiritsa ntchito poizindikira ikadzabweranso. Dongosololi limatchedwa CRISPR. Apa ganizo limene Luria adaligonjetsa mu 1943, loti kukumana ndi vairasi kumalimbitsa bakiteriya, lidapezeka kuti nthawi zina ndi loona. Zimene iye adapeza sizidagwe, chifukwa mwa E. coli wowetedwa m'chipinda chofufuzira dongosololi limakhala logona. Chilengedwe chili ndi njira zonse ziwiri.

Mu 2012 Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier adaonetsa kuti puloteni ya Cas9 ya m'dongosololi ingathe kutumidwa kukadula DNA pa malo alionse amene munthu wasankha, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 2020. Zithunzi za Cas9 zimene zidatuluka mu 2014 zidaonetsa puloteni ya zigawo ziwiri zokhala ndi ngalande pakati, momwe kachingwe ka RNA kotsogolera kamakumana ndi DNA yoti idulidwe. Kuchokera pa zithunzi zimenezi akatswiri adatha kusintha puloteniyo kuti isamadule malo olakwika.

Kumapeto kwa 2023 mayiko a Britain ndi America adavomereza chithandizo choyamba chogwiritsa ntchito Cas9, chotchedwa Casgevy, cha matenda a sickle cell. Ana ambiri obadwa ndi matendawa padziko lapansi amabadwira kuno ku Africa, kummwera kwa chipululu cha Sahara, koma mtengo wa chithandizocho ku America udaikidwa pa madola 2.2 miliyoni kwa wodwala mmodzi. Funso lakuti sayansi ikutumikira yani, limene Luria ankafunsa mosatopa, likadali pomwepo.

M'zipinda zofufuzira za padziko lonse, msuzi wachikasu umene amawetera mabakiteriya umalembedwa zilembo ziwiri, LB. Adaukonza ndi Bertani, mwini Shigella uja, ndipo adafalitsa kakonzedwe kake mu 1951 akugwira ntchito ndi Luria. Bertani adafotokoza pambuyo pake kuti L ameneyo sankaimira dzina la munthu, koma ophunzira ambiri mpaka lero amautcha msuzi wa Luria.